Zilembo za Kumchira kwa Ngolo

Ine chuma changa chinali pakamwa. Anzanga anabadwa ndi mikono ya khasu, ine ndinabadwa ndi lilime, ndipo pa Bowe, kwathu ku Dowa, panalibe wondiposa kunenerera. Ndinkagula soya ndi mtedza pansi pa mtengo wa mango, sikelo itapachikika panthambi. Sikeloyo tinkamvana ngati mapasa: ikaona thumba la mlimi inkachita manyazi, osafuna kukwera. Mlimi akayamba kung'ung'udza ndinkamufunsa za ana, kumuseketsa, mpaka achoke akuthokoza munthu amene wamudyera. Ndikunena izi kuti mudziwiretu amene akulankhula nanu. Musandimvere chisoni msanga.

Mlamu wanga Filipo anali wa ku mapiri a Ntchisi. Anadzakwatira mlongo wanga Agnesi n'kukhala pachikamwini kwathu, ndipo nkhoswe ya banjalo kuchikazi ndinali ine. Anali munthu wa kwaya ku Katolika, wofatsa moti pogula chinthu ankalipira mtengo woyamba umene wauzidwa. Ndinkati ndikamuona akutero, ndinkayang'ana kumbali.

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni, ndinamva ku Lilongwe kuti kampani ina ikufuna anthu okagwira ntchito kudziko lina la kumpoto kumene kunali nkhondo. Ntchito yake inali yodyetsa asilikali osungitsa mtendere. Dzikolo sinditchula. Tinasaina pepala loti tisamatchule, ndipo ndi lonjezo limodzi lokha limene ndasunga bwino pa moyo wanga.

Filipo sankafuna. Ndinamupeza m'chigafa cha fodya akumasula mikangala.

"Alamu, nkhondo ndi ya asilikali. Ife tikungokasenda mbatata."

"Nanga chipolopolo chimafunsa kuti wosenda mbatata ndi uti?"

"Chimafunsa. Zipolopolo za kunja zinapita kusukulu."

Anaseka. Pa ntchito yanga, munthu akaseka ndiye kuti wagula. Ndinangowonjezera za malata ndi za fizi ya Tadala, mwana wawo woyamba, amene anali atangosankhidwa kupita kusekondale. Agnesi anatisinjira nsinjiro, anatiperekeza mpaka pamsewu, basi.

Tinakatera pa bwalo la ndege la fumbi lokhalokha, pakati pa mapiri opanda mtengo. Filipo anawayang'ana n'kunena kuti akuoneka ngati mitu yometedwa pamaliro. Tinkagona m'makontena, anthu asanu ndi atatu kontena imodzi: ife awiri, Aganda, ndi a ku Nepal amene tsabola wawo ankatulutsa misozi ngakhale kwa munthu wongodutsa panja. Filipo anamuika m'gulu lotsitsa katundu m'ndege. Ine anandiika kukhitchini, ndipo pasanathe mwezi bwana wa kumeneko anazindikira mphatso yanga. Anayamba kundituma ku kamsika ka kunja kwa geti kukagula anyezi, mazira ndi mbuzi. Chinenero chawo sindinkachidziwa, koma kunenerera kulibe mtundu. Umagwira mbuzi pamsana, kupukusa mutu, n'kuyamba kuchoka. Kulikonse padziko amakuitana.

Sindinganame, panali masiku abwino. Agnesi anatumiza chithunzi cha nyumba yawo itafoleredwa malata, ndipo Filipo anaonetsa aliyense mpaka agalu a pageti. Lamulungu ankaimba nyimbo za kwaya m'kontena, Aganda n'kumamuyankha nyimbo yomweyo m'chinenero chawo. Kutentha kunali kwakuti sopo ankasungunuka pawindo, koma munthu amazolowera.

Moyo wonse wa pamalopo unkadalira ndege imodzi ya asilikali, yaikulu, yotuwa, yamimba, yotsegukira kumbuyo. Inkabwera ndi ufa, mankhwala, ndi asilikali atsopano odzalowa m'malo mwa otopa. Amalawi tinalipo asanu, ndipo tinaitcha Ngolo, chifukwa inkayenda mwaulesi itadzaza matumba. Tsiku lobwera Ngolo linali chinsinsi. Ngakhale bwana wa khitchini ankauzidwa itatsala pang'ono kutera. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa: m'mapiri muja munali anthu a mfuti.

Chinsinsicho chinkandiwonongera bizinesi. Ndinali nditayamba kuotcha kanyenya kuseri kwa makontena, ndipo tsiku la Ngolo nyama inkatha ngati yaulere. Obwera anali ndi njala, opita anali ndi chimwemwe, onse osanenerera. Koma kuti uotche masana uyenera kugula mbuzi m'mawa. Ukagula, Ngolo osabwera, ndiye kuti wasanduka m'busa m'dziko lopanda msipu.

Tsiku lina Muganda wina wa zamagetsi anandionetsa foni yake. Panali mapu, pamapupo tindege tating'ono tikuyenda pang'onopang'ono ngati nyerere. Ndinayesa ndi masewera.

"Ndi ndege zenizeni," anatero m'Chingerezi chathu chothyokathyoka chija. "Ndege iliyonse ili ndi kachipangizo kokuwa mlengalenga kuti ndili pano, ndili pano, kuopa kugundana ndi inzake. Anthu wamba amaika timaeriyo pamadenga awo n'kumatola kukuwako, zonse n'kuthera pa intaneti."

"Ngakhale za asilikali?"

"Amayenera kuzimitsa. Koma ponyamuka ku likulu, kumene ndege zili zambiri, amayatsa, ndipo ena amaiwala. Kungoti za asilikali sizilemba dzina. Ungoona zilembo ndi manambala. Sungadziwe kuti iyi ndi iti."

Iye ankaona chidole. Ine ndinaona msika.

Madzulo ndinamuuza Filipo kuti Ngolo ikadzabweranso akandiwerengere zilembo za kumchira kwake.

"Mukufuna kuilembera kalata, alamu?"

"Ndikufuna kukaifunsira. Yanenepa bwino."

Patapita masiku anabwera nazo atazilemba ndi bolopeni m'chikhatho. Anatambasula dzanja, ine n'kukopera, iye n'kupukuta pathalauza. Sanafunsenso. Munthu ameneyu ankakhulupirira kuti mlamu wake ndi wochenjera, ndipo ankayesa kuti kuchenjera ndi nzeru n'chimodzi.

Pasanathe miyezi iwiri ndinali nditaidziwa Ngolo kuposa mkazi wanga. Inkaoneka pafoni ikunyamuka ku likulu. Ikawoloka mtsinje waukulu inkazimiririka, chifukwa kuchipululu kulibe denga la munthu loikapo eriyo. Ikangozimiririka pamtsinje paja, uwerenge theka la ola, udzamva kulira kwake kuseri kwa phiri. Ndinkakhala nditasenda kale mbuzi bwana wa khitchini asanauzidwe. Anayamba kundiopa. Anandifunsa ngati Amalawi tonse ndife olosera, ine n'kuyankha kuti ayi, a ku Dowa okha.

Pa kamsika paja panali wogulitsa mbuzi amene tinamutcha Kandevu. Pa anthu onse amene ndanenererana nawo, kuyambira ku Mponela mpaka kumeneko, uyu yekha ndiye ankanditulutsa thukuta. Ukayamba kuchoka, iye ankayambanso kumasula mbuzi zake ngati akupita kwawo. Tinkalemba mitengo pamchenga ndi chala, wina kufufuta, wina kulembanso, ndipo ndinkamukonda monga momwe wosewera bawo amakondera mnzake womuvutitsa. Nayenso chinsinsi cha Ngolo chinkamupweteka. Ankayendetsa mbuzi masiku awiri kuchokera kwawo, n'kudzapeza kuti kulibe ogula.

M'mawa wina tinakanirira. Iye pake, ine panga, dzuwa likukwera. Kwathu kunenerera kukafika pamenepo, wina amaponyapo basela kuti nkhani ithe: katomato kamodzi, kadzanja ka usipa, chilichonse choti mnzako asachoke ndi manyazi. Ine m'thumba munalibe kanthu. Ndinatulutsa foni.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa yake, yosweka galasi, n'kundipatsa. Ndinamuikira kapulogalamu ka mapu kaja ndi zala zangazi. Ndinamulembera zilembo za kumchira. Ndinamulozera mtsinje pamapu, n'kujambula wotchi pamchenga, n'kuidula pakati kuti amvetse za theka la ola. Ndinabwereza kawiri, poopa kuti sanamve. Pa moyo wanga sindinaphunzitsepo munthu chinthu mosamala chomwecho.

Anatsitsa mtengo, n'kundiwonjezera tambala. Ndinalowa pageti ndikuyenda ngati ndagula esiteti. Tambalayo tinadya m'kontena tonse asanu ndi atatu, ndipo nthutumba ndinapatsa Filipo, monga mlamu.

Panapita masabata atatu. M'mawa wa tsikulo foni inandionetsa Ngolo ikunyamuka, ndipo ndinathamangira kumsika. Ndinapeza zii. Panalibe mbuzi, panalibe Kandevu, panalibe wa mazira. Mayi mmodzi yekha ankalongedza anyezi wake mofulumira, osandiyang'ana. Mwana wa m'misika ngati ine ankayenera kudziwa kuti msika suthawa wokha. Koma chimene ndinaganiza ndi kanyenya wanga. Ndinamutukwana Kandevu mumtima kuti wandiphera tsiku. Pobwerera ndinadutsa msilikali wa pageti, ndinamuseka za nsapato zake, osamuuza kanthu.

Ndinali kukhitchini ndikudula kabichi pamene Ngolo inatera. Ndinamva mainjini akutsika mawu monga mwa masiku onse. Kenaka kunamveka kaphokoso ngati munthu akuimba mluzu patali, nthaka n'kudumpha. Mapoto anagwa okha. Mabomba ankachokera kuphiri, ndipo sanagwe mwachisawawa. Anagwa pamene Ngolo inkaima, pa nthawi imene inali itangotsegula kumbuyo. Filipo nthawi zonse ankakhala woyamba pamzera, chifukwa sankadziwa kuzemba ntchito. Ndinayesetsa kumuphunzitsa, anakanika.

Anafa atatu. Ndinamuzindikira ndi kolona ya m'khosi.

Patapita masiku awiri, mkulu wina wa asilikali anatisonkhanitsa ogwira ntchito tonse pansi pa shedi. Anakweza foni m'mwamba n'kutionetsa tindege tija. Anafotokoza kuti oyendetsa Ngolo ankasiya kachipangizo kali koyaka, ndipo munthu aliyense padziko, ngakhale mwana wa sukulu kutsidya kwa nyanja, akanatha kuiona ikubwera. Kenaka anafunsa ngati pali amene anali ndi kapulogalamuko kapena amene anakaonetsapo munthu wa kunja kwa geti. Ine ndinali nditakafufuta kale tsiku la mabomba lomwelo, ndisanakaone n'komwe thupi la mlamu wanga. Muganda uja anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato. Nayenso ankaopa zake, sananditchule. Asilikali anatilanda mafoni onse. Kandevu sanaonekenso.

Mawu a mkulu uja akuti aliyense akanatha kuiona, ndinawapinda bwinobwino n'kuwasunga. Ndawatulutsa kambirimbiri kudziwerengera ndekha. Ndi oona. Koma aliyense uja sankadziwa kuti mwa tindege tonse tija Ngolo ndi iti, ndipo sankadziwa za theka la ola. Mwina Kandevu anangouza mbale wake, mbaleyo n'kuuza wina. Mwina anthu a m'mapiri anali nazo kale njira zawo. Sindidzadziwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka m'ndege, nditakhala moyang'anizana ndi bokosi la Filipo.

Tinakamuika kwawo ku Ntchisi, kumtunda kumene nkhungu imatsika mpaka m'minda ya mbatata. Pamaliro pamayenera kuimirira munthu amene anaona, afotokoze mmene imfa inayendera. Ndinaimirira ine. Ndinanena za kufatsa kwake, za nyimbo za m'kontena, za anthu oipa a m'mapiri. Palibe bodza limene ndinanena. Ndinangochita zimene ndinkachita ndi sikelo ija. Amayi analira, amuna anapukusa mitu, ndipo mkulu wake wa Filipo, a Matiyasi, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwatibweretsera m'bale wathu. Ena amangokwiriridwa kumchenga ngati galu. Inu ndinu munthu."

Sindinabwererenso kunja. Kumudzi ndinapeza nditakula ndisanakalambe. Mlandu wa malire, aitaneni amalume. Mwana wavuta, akalankhule naye amalume. Ndinasiya za sikelo, ndinayamba kulima ngati anthu ena, anthu n'kumati maliro anamusintha. Agnesi anawonda, anasiya kuseka mokweza, koma kwa ine anawonjeza ulemu. Akakolola maungu oyamba ankatumiza kwathu. Ndinkadya, chifukwa kukana kukanafuna chifukwa.

Tadala anamaliza sukulu, anapeza ntchito pachipatala china cha ku Mvera, ndipo anabwera ndi mwamuna wofuna banja, mphunzitsi wa ku Nachisaka. Agnesi anandiuza kuti unkhoswe ndi wanga, monga ndinaimira wake. Ndinavomera.

Mphunzitsiyo atabwera kudzaonekera, tinakhala pakhonde masana. Ndege ina inadutsa kulowera ku bwalo la ndege la ku Lumbadzi. Pofuna kusangalatsa apongozi, anatulutsa foni.

"Amayi, taonani. Ndege imene ikudutsayi ndi iyi apa. Ikuchokera ku Nairobi."

Agnesi anapukuta manja pachitenje, anaigwira foniyo ngati dzira. Anatsatira kandegeko ndi chala.

"Zoona? Ndiye munthu ungamaone m'bale wako akuyenda kumwamba?" Anatembenukira kwa ine. "Zikanakhalapo izi nthawi ija, bwenzi ndikumaona ndege ya bambo ake Tadala. Kapena zinalipo, achimwene?"

Ndinati sindikumbuka. Ndinanyamuka ngati ndikukayang'ana mbuzi kudambo.

M'mawa mwake ndinamupeza Agnesi m'chigafa akusankha fodya, chigafa chomwe chija ndinanyengereramo mwamuna wake. Ndinakhala pansi, ndinatenga masamba, ndinayamba kusankha nawo. Ndinayamba ndi kachipangizo. Ndinafotokoza za maeriyo, za oyendetsa ndege aulesi, za mkulu wa asilikali ndi mawu ake. Za Kandevu ndinazitchula mothamanga, pakati pa zina, monga umabisira tomato wovunda pansi pa mulu. Kenaka ndinabwereranso kwa oyendetsa ndege.

Agnesi anaika tsamba pansi.

"Achimwene, mukunenerera."

"Ayi, ndikungofuna umvetse kuti aliyense akanatha..."

"Aliyenseyo sindikumudziwa. Sanadyepo maungu anga. Nenani zanu."

Ndinanena. Zilembo za m'chikhatho, wotchi ya pamchenga, tambala, msika wopanda anthu, msilikali wa pageti amene sindinamuuze. Zinatenga nthawi yochepa modabwitsa. Chinthu chimene ndinachisenza zaka zonsezo chinatha asanamalize kumanga ndindi imodzi ya fodya.

"Zilembozo anakulemberani iyeyo?"

"Iyeyo."

"Ankadziwa kuti n'zachiyani?"

"Sankadziwa."

Anagwedeza mutu, ngati pa zonse chimene ankafuna kumva ndi chimenecho. Sanalire. Anamaliza kumanga, anaika pamulu, anatenga masamba ena.

"Tadala asamve kwa munthu wina. Mumuuza nokha. Ku Ntchisi mupitanso, mukamalize zimene munasiya pamaliro. Unkhoswe aimira Gelesomu."

Gelesomu ndi mng'ono wathu, munthu wachibwibwi amene sanayambe walankhulapo pagulu. Lilime langa linadzuka lokha kufuna kunena kuti sangathe, kuti mwina tigawane, iye aimirire ine ndizimunong'oneza. Ndinaliluma.

Ku Ntchisi ndinapita pa kabaza mpaka pamene msewu umathera, n'kukwera wapansi. A Matiyasi anamvetsera mpaka kumapeto, akusema mpini. Nditamaliza anati, "Ife tinalira kale. Mwatibweretsera maliro achiwiri a munthu mmodzi." Sananditukwane, sanandiperekezenso. Tadala ndinamuuza pa benchi ya kunja kwa chipatala, ali mu yunifolomu. Anamva zonse, anayang'ana wotchi, anati odwala akudikira.

Chinkhoswe chinachitika mwezi wa Ogasiti, pabwalo la Agnesi. Gelesomu anachita chibwibwi, anatuluka thukuta, anaiwala dzina la mfumu ya kuchimuna, koma anafika kumapeto ndipo anthu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pa benchi ya alendo, pakati pa aphunzitsi anzake a mkwati. Mayi wina anafunsa Agnesi mokweza chifukwa chimene amalume aakulu sanaimirire. Agnesi anayankha kuti mmero ukuwavuta. Anandibisa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena ankangoteteza tsiku la mwana wake.

Mwambo utatha, Tadala anayenda kupereka moni kwa akuluakulu. Anagwada kwa Gelesomu, "Zikomo amalume." Anagwada kwa a Matiyasi, amene anatsika kuchokera ku Ntchisi. Anafika pa benchi yathu, anapatsa moni mphunzitsi woyamba, wachiwiri. Atafika pa ine anagwada chimodzimodzi, anandipatsa dzanja, dzanja lina litagwira pachigongono, ulemu wonse osachotsapo kanthu.

"Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?"

Nyumba yanga ili kuseri kwa khola lawo, mtunda woti ukhoza kuponya mwala. Ndinayankha kuti ndayenda bwino.